Zojambula za Mkazi Wanga Zinakulungira Vitumbuwa

Inu owerenga, banja langa ndinaliphwasula ndekha. Palibe amene anandilodza kapena kundinamizira, ndipo si mowa kapena chibwenzi chimene chinalithetsa ayi. Chinalithetsa ndi kudzitama pa ntchito imene tinkaigwira anthu awiri.

Ndimakhala ku Kalingalinga kuno ku Lusaka, ndipo ntchito yanga ndi yopanga tinthu tamatabwa tokongoletsa m'nyumba ndi topatsana ngati mphatso: mayina opachika pachitseko, mitanda, mawotchi apakhoma, tokolekamo makiyi. Ndimadulira kamakina kamagetsi kokhala ndi macheka oonda ngati waya, amene amakwera ndi kutsika mofulumira, iwe n'kumatembenuza thabwa ndi manja motsata mzere. Kamakinako ndinakagula kalekale kwa kalipentala wina amene ankasamukira ku Kabwe. Koma kudula n'kutsata mzere chabe. Amene ankajambula mizereyo anali mkazi wanga, Esinati, amake a mwana wathu Tikondane.

Esinati sanapite patali ndi sukulu, koma dzanja lake linali lodabwitsa. Akagwira pensulo, mbalame inkatuluka papepala ngati ikufuna kuuluka. Ankadziwanso pamene thabwa lingathyoke, ndiye zilembo ankazilumikiza mochenjera kuti dzina lonse lituluke lili chinthu chimodzi. Magetsi akazima masana, iye ankakhala pakhonde n'kumajambula, ine ndikupalapala matabwa ndi sandipepa. Akayaka, iye ankakopera chojambulacho pathabwa ine n'kuyamba kudula. Fumbi la matabwa a mukwa linkatiyeretsa nsidze tonse awiri, tikayang'anana n'kuphulika ndi kuseka. Loweruka tinkayala tinthu tathu m'mphepete mwa msewu, pakati pa ogulitsa mabedi ndi zitseko, titagawana chimanga chootcha chimodzi. Tinalibe zambiri, koma masiku amenewo sindinawaonenso.

Pang'onopang'ono anthu anayamba kutidziwa. Amayi okonza maukwati ankabwera kuchokera ku Mtendere ndi ku Kabulonga kufuna mayina a akwati odulidwa pathabwa. Onse ankafikira ine, chifukwa ndine amene ndinkaoneka pamakina. “Ba mesitala, vinthu ivi mupanga bwanji? Muli na manja!” Ine ndinkangomwetulira, osatchula kuti mwini luso ali pomwepo akusesa utuchi.

Tsiku lina mpingo wathu unatipempha chikwangwani chachikulu cha kuguwa, cha mpesa wozungulira mtanda. Esinati anachijambula milungu itatu, kufufuta ndi kuyambiranso, mpaka masamba onse atakhala mmene ankafunira. Lamlungu lochipachika, abusa anati amene anachipanga aimirire. Ndinaimirira ndekha. Ndinakweza manja n'kunena kuti Mulungu anandipatsa manja awa. Anthu anaomba m'manja, Esinati nayenso anaomba ali pampando wake kumbali ya azimayi. Pobwerera kunyumba sanandifunse kanthu, ndipo ine ndinaganiza kuti palibe chimene chalakwika.

Kenako ndinagula foni yaikulu, ndipo ndinapeza kuti pa intaneti pali zojambula zambirimbiri zongosindikiza papepala. Ndinayamba kupita nazo kosindikiza, n'kumadula zomwezo. Esinati atandionetsa duwa latsopano limene anajambula, ndinamuuza kuti zakezo n'zachimudzi, anthu a m'tauni akufuna zamakono. Anapinda pepalalo n'kuliika m'katoni mmene ankasungamo zojambula zake zonse kuyambira chaka chimene tinakwatirana. Kuchokera tsiku limenelo sanagwirenso pensulo.

Tsopano mvetserani chimene chimandiwawa kwambiri. Nditagula matabwa ambiri, malo anachepa m'nyumba. Esinati atapita kumsika wa Soweto kukagula ndiwo, ndinatenga katoni ija n'kukapatsa mayi wina wokazinga vitumbuwa pakona, amene ankadandaula kuti mapepala okulungira amusowa. Sindinatsegule n'komwe. Kwa ine anali mapepala akale basi.

Patapita masiku awiri, Esinati anapita kukagula vitumbuwa va tiyi wam'mawa. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono, n'kuika kaphukusi patebulo pamaso panga. Pepala lake linali lonyowa ndi mafuta, koma mpesa wa kuguwa uja unkaoneka bwinobwino, tsamba lililonse.

“Atate ake a Tikondane, izi n'zimene mwaona kuti n'zoyenera?”

Anangonena zomwezo. Sanalire, sanakuwe. Ine m'malo mopepesa ndinati asakulitse nkhani ya mapepala. Anathamangira pakona paja kukapempha otsala, koma anapezako ochepa chabe, ena onse anali atapita kale m'manja mwa anthu ndi m'ngalande.

Mwezi womwewo anati akupita kwawo ku Katete kukaona amayi ake amene ankadwala miyendo, ndipo anatenga mwana. Ndinamuperekeza kokwerera basi ndikuganiza kuti pakatha milungu iwiri abwera. Sanabwere.

Ntchito nayo inayamba kundionetsa chimene ndinali. Zojambula za pa intaneti aliyense anali nazo, ndipo anzanga a pamsewu ankadula zomwezo. Mayi wina atandipempha dzina la mwana wake lokhala ndi nkhunda pamwamba, ndinayesa kujambula ndekha. Thabwa linathyoka kanayi pakhosi pa nkhunda. Mayiyo anayang'ana n'kunena kuti, “Nanga vija vakudala venze bwino maningi, munaleka chifukwa chani?”

Patatha chaka ndinakwera basi kupita ku Katete. Ndinamupeza pamsika, atakwera pampando, akulemba dzina pakhoma la golosale ya munthu wina ndi penti wabuluu. Anthu odutsa ankamupatsa moni pomutchula kuti amayi olemba. Anatsika, anandilandira mwaulemu, kunyumba anandipatsa mpando ndi madzi ngati mlendo. Ndinagwada pamaso pa amalume ake, ndinanena zonse, za kutchalitchi ndi za katoni. Esinati anamvetsera mpaka kumapeto. Anati anandikhululukira kalekale, mwana ndizibwera kudzamuona nthawi iliyonse, koma iye kumeneko wapeza anthu amene amadziwa kuti dzanja lake ndi lake.

Inu owerenga, makamaka abambo amene mumagwira ntchito zamanja pamodzi ndi akazi anu, abale anu kapena anzanu, chonde musachite ngati ine. Anthu akakuyamikirani, tchulani dzina la amene anakuthandizani, iye akumva. Chinthu chimene mnzanu wasunga mosamala, musachitaye musanamufunse, ngakhale chioneke chachabe m'maso mwanu. Ndipo akakhala chete, musaganize kuti sizinamupweteke. Muuzeni lero kuti ntchito yake mumaiona. Ine ndinakanena mawu amenewa mochedwa, nditayenda ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo yankho limene ndinabwera nalo linali lakuti: zikomo, muyende bwino.