Gule Amayambira ku Chala

Tsiku limene mwini holo anamuzimitsira makina anthu akuona, Phokoso anatulukira khomo lakumbuyo, kotayira mabotolo, mahedifoni ali m'khosi, misozi ili chuchuchu. Inu amene munalepherapo pagulu mukuudziwa ululu wake.

Dzina loti Phokoso anamupatsa ndi bambo ake ali kamtsikana, chifukwa chilichonse chomwe wagwira chinkasanduka ng'oma: zitini, zivundikiro, ngakhale mutu wa mlongo wake. Atakula anapeza ntchito pamalo ochapira zovala, koma mtima wake unali pa tekino, nyimbo zamakina zija zopanda mawu, zongogunda kuti du! du! du! Ankafuna kukhala DJ basi.

Mwayi unabwera Loweruka lina. Mwini holo anamuika woyamba, dzuwa likadalipo, kuti atenthetse holo ma DJ otchuka asanafike. Anthu analowa n'kungoima. Ena anapinda manja, ena anakweza mafoni, onse maso ali pa iye ngati akuonera mpira. Wovina panalibe.

Mantha anamugwira. Anawonjezera liwiro la nyimbo, koma anthu ali chiimire. Anasintha nyimbo isanafike n'pakati pomwe, n'kusinthanso, mpaka nyimbo ziwiri zinawombana ngati mbale zogwa pa shelefu. Kenako anachita chimene DJ sayenera kuchita. Anatenga maikolofoni n'kukalipa: "Mwabwera kudzandionera kapena kudzavina? Vinani!"

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

"Munthu sakalipiridwa kuti asangalale, mwana iwe," anatero mwini holo. "Bwerera ku zochapachapa zakozo."

Phokoso atafika kunyumba anakankhira makina ake kunsi kwa bedi, nalumbira kuti sadzawagwiranso. Ndipotu mavuto ena analipo kale pakhomopo. Bambo ake, omwe kale anali dalaivala wa basi komanso wovina woti anthu ankachita kumupatsa malo, anali atafa ziwalo mbali yakumanja. Mawu ankatuluka movutikira, dzanja linali lende. Masana alionse akaweruka, Phokoso ankawakankha pa mpando wa matayala kupita nawo kuchipatala kukachita mafizo, masewera olimbitsa ziwalo.

Tsiku lina mayi wa mafizo anamukoka pambali. "Wailesi yathu yafa, ndipo odwala anga amayenda bwino pakakhala kanyimbo kogunda mofanana. Mlongo wako akuti uli ndi makina."

"Mayi, anthu a miyendo yabwinobwino anakana kundivinira. Nanga awa?"

"Wakuuza ndani kuti avine? Iwe ungoimba."

Mawa lake Phokoso anapukuta fumbi pa makina n'kuwanyamula monyinyirika. M'chipindamo munali zitsulo zogwirira poyenda, timipira tofinya m'manja ndi mipando ya matayala itandandalikidwa kukhoma. Anayatsa nyimbo motsitsa, yodekha. Monga ankayembekezera, palibe anavina. Apa sakanatha kukalipira odwala, choncho anangoweramitsa mutu ndi manyazi.

Kuweramako n'kumene kunamupulumutsa. Anaona chala cha bambo ake, cha dzanja lomwe lija mayi wa mafizo ankalinyengerera miyezi yonseyi, chikugogoda pa chitsulo cha mpando. Pang'ono zedi, koma chikutsata kugunda kwa nyimbo.

Chifukwa cha chisangalalo anawonjezera liwiro. Chala chija chinasiya. Anabwezera pomwe panali poyamba, nadikira. Chala chinayambiranso.

Bambo ake anamuyang'ana, nalimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka: "Usa... thamange."

Phokoso analira, koma nyimbo sanaisinthe.

Kuchokera tsiku limenelo chipinda cha mafizo chinasanduka sukulu yake. Anasiya kuyang'ana nkhope, nayamba kuyang'ana mapazi, mapewa ndi makosi. Anaphunzira kuisiya nyimbo kuti ikhalitse mpaka ilowe m'thupi. Munali mphunzitsi wina wopuma ntchito yemwe ankangotsinzina, osagwedeza ngakhale nsidze. Phokoso ankaganiza kuti akugona, mpaka tsiku lomwe anazimitsa msanga ndipo mkuluyo anatsegula maso n'kufunsa mwaukali kuti wazimitsa ndani. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phokoso anabwerera kwa mwini holo kukapempha mwayi wina. Anamukana. Anapitanso, anamuseka. Sanaleke, mpaka alonda a pageti anayamba kumupatsa moni ngati wantchito mnzawo. Loweruka lina DJ woyamba anadwala, ndipo mwini holo anasowa pogwira.

"Uwu ndi mwayi wako womaliza," anamuuza Phokoso. "Anthu akatulukanso, usadzapondenso pano."

Phokoso anapempha chinthu chimodzi: kuti tebulo lake alitsitse pa siteji, aliike pansi pomwe pamaima anthu. Anatinso mlongo wake abwere ndi bambo, awakhazike pambali pake.

Anthu analowa, n'kuimanso monga tsiku lija. Manja opinda, mafoni m'mwamba. Dzanja la Phokoso linkachita kumuyabwa kuti awonjezere liwiro. Anayang'ana chala cha bambo ake. Chinali chikugogoda. Anayang'ana pansi, naona nsapato ina yoyera ikumenya simenti, mwini wake nkhope ili gwa ngati sakumva kanthu.

Anaisiya nyimboyo kuti iyende. Mwini holo anayamba kuyang'ana wotchi, koma Phokoso sanatekeseke. Mapewa anayamba kugwedezeka apa ndi apo. Mtsikana wina anaika foni m'thumba. Pamenepo Phokoso analowetsa nyimbo yachiwiri mwakachetechete, moti palibe anadziwa pomwe yoyamba inathera, ndipo holo inatekeseka. Ena anatsalabe kukhoma atatsinzina, osasuntha. Iye anawasiya, poti tsopano ankawadziwa.

Gule atakolera, mnyamata wina wothamanga magazi anagunda mpando wa matayala uja. "Madala, ngati simukuvina tipatseni malo!"

Phokoso anavula mahedifoni, namugwira paphewa. Ulendo uno maikolofoni sanaifune.

"Achimwene, taonani dzanja lawolo. Bambo angawa ndi amene ayamba kuvina muno, inu manja mukadapinda."

Mnyamatayo anayang'ana chala chija, manyazi anamugwira. Anasendera pambali n'kuyamba kuvina moyang'anana nawo, motsata chalacho. Bambo a Phokoso anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa yomwe inkawamvera.

Palibe anatuluka tsiku limenelo. Mwini holo sanapepese, anthu otere sapepesa, koma anamufunsa ngati Loweruka lotsatira ali ndi zochita. Lero dzina la Phokoso limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, koma ku mafizo amapitabe ndi makina ake. Akamufunsa ngati anthu ayenera kuvina kapena kungoonera, amayankha kuti aliyense avine mmene thupi lake likumulolera, ntchito ya DJ ndi kudikira.

Nanunso mwina mwaima patsogolo pa anthu opinda manja, mukuyesetsa koma palibe akugwedezeka. Musawakalipire, ndipo makina anu musawabise kunsi kwa bedi. Tsitsani maso muyang'anitsitse, mwina penapake chala chayamba kale kugogoda. Osataya mtima, nyimbo yanuyo isiyeni iyende.