Tikiti ya Malayisha

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aamuna, a Ngozo, chimene chimayamba kufika si nkhope yawo ayi, koma fungo la phulusa lonyowa ndi mame, ndi la mpunga wopserera m'chitini chakale chimene anachidula kukamwa. Ndimamvanso fosholo yawo ikukwekwesa bwalo, nkhungu ikadakuta mizere ya kachewere kumunsi kwa nyumba, iwo akutsokomola, kuima, kulavula, n'kuyambiranso. Kwathu kufupi ndi Mlangeni, mwezi wa Juni ukafika zala zimauma ndi chisanu, koma agogo ankadzuka nkhuku zisanatsike kuti akaone zimene galu wawo wasiya pabwalo. Akhristu anzawo ankayamba tsiku ndi pemphero. Iwo ankayamba ndi chimbudzi cha galu, pemphero n'kubwera pambuyo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakhala kwa agogo chifukwa makolo anga anali kuntchito ku Blantyre. Agogo aakazi anali atamwalira kale. Amene ankayendetsa pakhomo anali azakhali anga, a Nangozo, omwe anabwerako ku banja ndi mwana wawo Yamikani, yemwe anali atangoyamba kukwawa. Ine agogo ankanditchula kuti Nkosikazi, mwa nthabwala za agogo ndi mdzukulu, ndipo ndikachedwetsa madzi osamba ankaopseza kuti akwatira wina.

Galuyo anabwera ali kamwana, m'thumba la jekete la agogo. Anamutcha Malayisha. Ankati ku Joni, kumene anagwira ntchito m'migodi ali mnyamata, malayisha anali anthu okoleka miyala m'ngolo ndi fosholo, ndipo kagaluko kankadya chimodzimodzi, osapumira. Atakwana miyezi isanu zinthu zinasintha. Ankakhala bwino masiku atatu, kuthamangitsa nkhuku ndi kundibera masilipasi, tsiku lachinayi n'kuyamba kuzungulira bwalo, kugona, kudzuka, kubudula udzu, kusanza thovu lachikasu, kenako kutsegula m'mimba. Mimba yake inkalira mpaka tonse pakhonde kumva. Nthiti zinayamba kuwerengeka, koma maso anali owala, ndipo akandiona ndikuchokera kusukulu mchira unkagwedezeka ngati palibe chalakwika. Zimenezo ndi zomwe zinkandipweteka kwambiri.

Galu akadwala, mudzi wonse umasanduka madokotala. Ena anati njere za papaya, ena makala osinja, wina anati timudule nsonga ya mchira, ndipo mayi wina anatinong'oneza kuti galuyo anadya za kumanda. Agogo anayesa zimene zinali zoyeseka. Anamutengera kudibi kwa alangizi a ziweto, omwe anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba kawiri konse, osasintha kanthu. Kenako anamuika m'dengu panjinga mpaka ku Ntcheu boma, ulendo umene unawagoneka masiku awiri ndi chifuwa. Kumeneko anamupima, anamubaya jekeseni, n'kunena kuti sakupeza chenicheni. Agogo pofotokoza zimenezi anaseka, amvekere mawu omwewo ndi amene anawauza madokotala a kumgodi za chifuwa chawo, tsiku limene anawakweza basi yobwerera kumudzi.

Kuyambira pamenepo anayamba kumuyesa okha. Ankamugoneka chagada, kuika khutu pamimba, n'kumagogoda ndi chala pang'onopang'ono. Ankati pansi pamgodi munthu asanayambe ntchito amagogoda denga ndi chitsulo, chifukwa mwala wofuna kugwa umalira mosiyana ndi unzake. Ine ndinkafunsa kuti nanga mimbayo yati chiyani. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, mawu amene ankandikwiyitsa chifukwa kudekha ndinalibe.

Tsiku lina azakhali anapeza Yamikani atakwawira kuseri kwa nkhokwe, manja ndi kukamwa zili zoipa za galu zokhazokha. Patapita masiku awiri mwana anayamba kutsegula m'mimba, maso kulowa m'kati, mpaka anakagona naye kuchipatala. Kaya galuyo ndiye anachititsa kaya ayi, palibe anadziwa. Atabwerako, azakhali sanakalipe. Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo awo monga mwa ulemu, koma mawu awo anali ouma.

"Ababa, ine ndaika kale mwana mmodzi m'manda. Sankhani, mdzukulu wanu kapena galu."

Lero ndimawamvetsa azakhali, poti nane ndine mayi. Tsiku limenelo ndinawada ndi mtima wonse.

Agogo anapempha tikiti imodzi. Anafotokoza kuti kumgodi mwezi sankauwerenga pakalendala, koma patikiti ya masiku makumi atatu, ndipo tsiku lililonse munthu akatuluka pansi kapitawo ankachongapo. Anati galuyo amumanga kuseri kwa khola, kutali ndi kumene mwana amasewera, ndipo azidya chinthu chimodzi chokha, mpunga wophika ndi dzungu, kuti aone ngati vuto lili m'chakudya. Tsiku labwino azilemba mzere ndi khala pakhoma la khitchini, tsiku loipa azilemba mtanda. Mtanda ukangooneka umodzi tikiti isanathe, akathana naye okha, osatuma anyamata oti akamugende. Azakhali anavomera. Onse awiri anali anthu osabweza mawu, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Mpunga agogo anasinthanitsa ndi kachewere kwa bambo wina amene ankakwera nawo panjinga kuchokera ku Bwanje. Lamulo linali lakuti pasapezeke womupatsa galuyo kena kalikonse, ngakhale nkhoko za mumphika. M'masiku amenewo sindinkakhazikika. M'kalasi ndinkangoyang'ana pawindo, belu likalira ndinkathamanga osadikira anzanga, kufikira kukhitchini kukawerenga mizere ngati kuti ingachuluke ine kulibe. Inafika isanu, khumi, khumi ndi isanu, yonse yoongoka. Malayisha anasiya kusanza, koma njala inkamuvuta, ndipo ankanyambita chitini mpaka kuchigubuduza. Anthu odutsa ankaseka kuti galu wa Mngoni wasanduka mkwatibwi, akudya mpunga tsiku ndi tsiku eni nyumba akudya mgaiwa. Ena ankati a Ngozo akumupha ndi njala, Mngoni ndi galu wake amakhalira nyama. Ine mawuwo ankandilowa.

Tsiku la makumi awiri ndi chiwiri, banja loyandikana nafe linali ndi mwambo wa chiliza cha bambo awo, ndipo linapha ng'ombe. Fungo la nyama yootcha linadzaza mudzi wonse, utsi wa mafuta ukuyenda ndi mphepo mpaka kukhola kwathu. Agalu onse a m'mudzi anali kumeneko akulimbirana mafupa. Wathu yekha anali pachingwe, akudumpha, kudzipotokola ndi kulira, mawu ake akumveka pamwamba pa nyimbo za kwaya. Atandigawira uwende, magazi ophika aja amene kwathu timawakonda, pamodzi ndi nthuli yonona, sindinadye. Ndinakulunga zonse m'tsamba la nthochi, kuzembera kuseri kwa nyumba, n'kumupatsa. Anameza osatafuna, kenako anandinyambita zala chimodzichimodzi. Kunena zoona, ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinkadziona ngati munthu yekhayo wachifundo pakhomopo.

M'mawa mwake fosholo sinalire. Nditatuluka ndinapeza agogo ataima kuseri kwa khola, manja kumbuyo. Pansi ponse panali poipa, mpaka timagazi, ndipo Malayisha anali atagona chammbali, akunjenjemera. Agogo anapita kukhitchini, anatola khala, n'kulemba mtanda pambali pa mizere ija. Azakhali anauona, anangobereka mwana n'kulowa m'nyumba. Ine ndinali pomwepo, mswachi uli kukamwa, ndipo ndinakhala chete. Ndinkaopa mkwapulo, koma koposa ndinkaopa kuti agogo asiya kunditchula Nkosikazi. Ndinavala yunifolomu n'kupita kusukulu.

Pabenchi panali ngati pali minga. Aphunzitsi anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Nthawi yopuma itakwana ndinasiya makope pomwepo n'kuliyatsa liwiro. Kunyumba galu ndi chingwe chake panalibe, ndipo chibonga cha agogo, chimene chinkakhala kuseri kwa chitseko, panalibenso. Azakhali, maso ali ofiira, analoza kuphiri ndi mlomo.

Ndinadula m'minda, kudumpha mizere, kugwa, kudzuka, chisoso chikundimatirira m'diresi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa msuku, asanafike n'komwe pakati pa phiri. Chifuwa chinali chitawakhazika pamwala, akupuma ngati mvukuto, chibonga chili pamiyendo, galu atatsamiritsa mutu paphazi lawo. Mpaka lero sindidziwa ngati chinawaimitsa chinali chifuwa chokha.

"Agogo, ndine. Ndinamupatsa uwende ndi nyama yonona dzulo."

Ndinkayembekezera mbama. M'malo mwake anayamba kundifunsa ngati kapitawo: nthawi yanji, wochuluka bwanji, mafuta anali ambiri kapena magazi, panali fupa kapena ayi. Nditayankha zonse anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti mbali ina akondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba mimba ija inali itawayankha. Kenako nkhope inasintha.

"Kumgodi munthu akamva mwala ukulira iye n'kukhala chete, sitinkamukwiyira chifukwa cha mwalawo, poti sanaupange ndi iye. Tinkamukwiyira chifukwa cha chetecho. M'mawa uja unali pomwepo, Nkosikazi."

Ndinalira mpaka mamina. Anandisiya ndilire, kenako anati bola ndabwera denga lisanagwe, ndipo ndinyamule galuyo chifukwa iwo mphamvu zawathera. Anawonjezera kuti kwa azakhali ndikanene ndekha, pakamwa pawo sandibwereka.

Azakhali anamvetsera atagwira m'chiuno. Ananditsina khutu mpaka kutentha, amvekere chifundo chinapha nkhwali, ndipo changa chikanapha galu. Anavomera tikiti yachiwiri, koma anati galuyo azikhala kudimba, m'kachisakasa kolondererapo mbewu, mpaka Yamikani atayamba kuyenda.

Ndikanakonda kunena kuti Malayisha anachira, koma sanachire. Patikiti yachiwiri panali mitanda itatu, ndipo palibe anatchulanso za chibonga. Tinaphunzira pang'onopang'ono kuti mafuta, mkaka ndi mafupa ndi adani ake, kuti dzira lowiritsa amalilola, usipa nthawi zina. Komabe ankatha kudwala popanda chifukwa chilichonse, sabata yathunthu, ife n'kumangozungulira naye osadziwa chogwira. Zikatero agogo ankandiyang'ana, ine n'kunena kuti si ine, iwo n'kukhulupirira nthawi yomweyo osafunsanso. Dzina la matendawo sitinalidziwe. Khoma la khitchini linadzaza, azakhali akamazira ankasiya dala mbali imeneyo.

Patapita zaka zinayi chifuwa chija chinawatenga agogo, nachonso chisanapezeke dzina lomveka. Pamaliro anapha ng'ombe, kunabwera amuna a ngoma ndi zishango zawo, fumbi kuti koboo. Ine ndinali m'nyumba ya siwa ndi amayi, ndikulira. Fungo la nyama litalowa pakhomo, ndinaganiza za Malayisha. Ndinakumbukira kuti kudimba, kumene tinkamumangirirabe, kunalibe munthu, chingwe chinali chakutha, ndipo anthu obwera kutali sankadziwa za galu wathu. Ndinatuluka chothamanga, kupondaponda miyendo ya anamfedwa.

Kudimba sindinafikeko, ndinamupeza kuseri kwa khola. Pambali pake panali azakhali, amene ankayenera kukhala pafupi ndi bokosi la bambo awo, atakhala pansi, mpango uli pendekete, akutakasa mpunga m'chitini chija pamafuwa atatu. Chingwe cha galu anachimanga kumwendo kwawo. Mnyamata wina wosenda nyama anayandikira ndi fupa, iwo anamubweza ndi mthiko, amvekere aliyense woponyera galu ameneyu kanthu aonana nawo. Atandiona anapukuta m'maso, n'kundipatsa khala.

"Pita ukalembe wa lero. Ababa anasiya tikiti ili pakati."

Ndinakalemba mzerewo nyimbo yotulutsira maliro itayamba kale.

Malayisha anakhala zaka zina zitatu, woonda chomwecho, akudwala ndi kudzuka. Khitchini ija inagwa kalekale. Ine tsopano ndili ndi ana anga, ndipo wachiwiri ali ndi mimba yovutavuta imene madokotala sanaipezebe mutu wake. Ndimasowa nayo mtendere ngati kale lija, kudekha sindinakuphunzire. Koma namwino akandifunsa kuti mwanayu wadya chiyani, ndimanena zonse, ngakhale zimene ndinamupatsa ndekha atandiletsa, manyazi ndizichita pambuyo. Ndipo ndikamadya galu wa eni n'kumandiyang'ana, dzanja limanyamukabe lokha ndi kanthuli. Ndimalibweza, n'kuyamba ndafunsa mwini wake.