Mwana wanga ndi agogo a ku El Salvador

Mwana wanga wamkazi anaphunzira Chisipanishi pa yunivesite kuno ku Perth. Asanapite ku Spain kukapitiriza maphunzirowo, ankachilankhula mosamala, liwu limodzilimodzi, monga chalembedwera m'buku. Atabwerako, lilime linali litamasuka moti akakhala pa foni ndi anzake a kumeneko sankapuma.

Ine ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Joondalup. Panali agogo ena ochokera ku El Salvador amene matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezi chonse, n'kuwasiyira Chisipanishi chokha, chilankhulo cha kwawo. Tikamawasambitsa ankatiyankhula, ife n'kumangomwetulira. Zinkandipweteka. Ndinapempha abwana ndi achibale a agogowo kuti mwana wanga adzacheze nawo, ndipo anavomera.

Loweruka lina tinakwera sitima limodzi. Titafika, mwana wanga atawapatsa moni m'Chisipanishi, nkhope ya agogo inawala. Koma asanapite patali agogo anakwinya nkhope, n'kunena mawu ochepa, kenako n'kutembenukira kuwindo.

Tinatuluka panja.

"Chalakwika n'chiyani?" ndinamufunsa.

Anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, misozi ili m'maso. "Amayi, ndawatchula tú. Tú ndi iwe, usted ndiye inu. Kumene ndinali aliyense ankati tú, ngakhale kwa aphunzitsi, mpaka usted anandichoka pakamwa osazindikira. Andifunsa kuti anandilera ndani."

Funsolo linandikhudza inenso, koma ndinamumvera chisoni. Iye anangotola zimene makutu ake ankamva tsiku ndi tsiku.

"Sunachite dala," ndinatero. "Lowanso ukapepese."

Analowa, nagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuyambiranso moni. Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamugwira dzanja. Tsiku limenelo ndinamva kudzera mwa mwana wanga kuti agogowo anali telala, kuti amuna awo anamwalira kalekale, ndiponso kuti nyemba zathu zapanyumbapo sankazikonda. Tinali titawasamalira zaka zambiri, koma zonsezi osazidziwa.

Mwanayo anapitiriza kubwera. Agogo ankamuseka kuti mawu ena amawatchula ngati wansembe akuwerenga Baibulo, iye n'kumatolanso kalankhulidwe kawo. Anzake a ku Spain anayamba kumufunsa kuti akucheza ndi ndani masiku ano.

Agogo anamwalira nyengo yozizira. Pamaliro, mwana wawo wamwamuna anapempha mwana wanga kuti akhale pa benchi ya achibale. Ine ndinakhala kumbuyo ndi anzanga a kuntchito.