Tiyanjane pamwamba pa uvuni wa makala

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga, mlimi wa thonje ku Vubwi, anasanduka wowotcha makala. Madzi anali ataphwera kudamu lopangira magetsi, magetsi ankazima tsiku lonse m'matauni, ndipo amene ankanyadira sitovu anabwerera ku mbaula. Ife magetsiwo tinkangowamva pawailesi, koma mitengo yomwe inkagwa inali yathu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masana ena mayi anandituma kukapereka thobwa kwa bambo kuthengo, nditabereka mng'ono wanga Tiyanjane, yemwe anali atangoyamba kukwawa. Nditayandikira pomwe bambo ankawotchera makala, ndinaona masuku atayoyoka. Dyera linandigwira. Ndinamutsitsa mwanayo, n'kuyamba kutola.

Nditacheuka, anali pamwamba pa uvuni wa bambo. Uvuni wa makala umaoneka ngati chulu wamba: zipika zokwiriridwa ndi dothi, kautsi kakutuluka m'mbali. Koma m'kati moto umadya nkhuni masiku ambiri, dothi lapamwamba n'kutsala lopanda chochirikiza. Tiyanjane ankamenya dothi lofundalo ndi timanja, akuseka.

Ndinafuna kumuthamangira, koma dzanja la bambo linandigwira paphewa.

"Usakwerepo, ndiwe wolemera," ananong'ona. "Usakuwenso. Muonetse sukulo."

Ndinagwada n'kutambasula dzanja. "Bwera, Tiya. Bwera udye."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pambali pake dothi linang'aluka, utsi wachikasu n'kutuluka. Kenako anakwawa pang'onopang'ono mpaka m'mphepete, bambo n'kumutsomphola ndi mkono umodzi. Pomwe anakhala paja panatitimira, ndipo ndinaona moto wofiira piriwiri.

Ndinadikira chikoti, koma sichinabwere. Bambo anagwira chikhatho changa n'kuchitsamiritsa padothi la uvuni mpaka ndinalira.

"Wamva? Magetsi akazima ku Katete, amayakira kuno."

Lero ndimakhala ku Katete komweko. Padenga pali sola, ndipo ana anga amawerenga popanda fungo la palafini. Amati dziko lasintha, ndipo sanama. Koma sola yanga siphikitsa nyemba, ndipo kwathu misuku ija inathera m'matumba a makala. Tiyanjane ndi mayi wa ana atatu, za tsikulo sadziwa kanthu.

Ine ndimadziwa. Magetsi akazima, ndikamakoleza mbaula, mantha aja amabwerera m'chikhatho, ndipo ndimadzifunsa kuti lero pa uvuni pakhala mwana wa ndani.