A Khutu ndi Galimoto ya Mkamwini

Apongozi anga aamuna ndi makaniko, ndipo anthu amawadziwa ndi dzina loti a Khutu. Si dzina lonyoza. Anawapatsa kalekale akukonza mathirakitala ndi majenereta pa famu ina yaikulu, chifukwa injini amaiyeza ndi khutu. Amatenga sikuludiraiva yotalika ngati mkono, nsonga n'kuigunditsa pa injini ikulira, chigwiriro n'kuchikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu, kenako n'kutsinzina. Pakapita kanthawi amadzutsa mutu n'kutchula chimene chavuta, mawu awiri kapena atatu basi. Mwini galimoto akayamba kufotokoza mbiri ya matendawo, iwo amangokweza dzanja: "Dikirani, ilankhule yokha." Zaka makumi anayi adyera khutu limeneli, alerera nalo ana asanu, ndipo wachitatu mwa anawo ndi amene ndinakwatira ine.

Garaja yawo ndi denga la malata pa mizati yachitsulo, kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana msewu. Muli dzenje lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto, benchi yoderatu ndi oyilo, ndi mpando wa minibasi yakufa wokhalapo makasitomala. Zaka ziwiri zapitazo kutsidya kwa msewu kunatsegulidwa garaja ina, ya anthu a kompyuta, aja amalumikiza chingwe pansi pa chiwongolero n'kumawerenga matenda pa galasi. Makasitomala a apongozi anayamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi. Otsala anali okalamba anzawo ndi ena ochepa amene ankalumbirabe kuti khutu la a Khutu silinama. Garajayo inatsala pa dzina lokhalo.

Ndiye ine, mphunzitsi wa choko, n'kukagula galimoto yakale ya dizilo kwa munthu wina amene ankasamuka. Aliyense ankandiuza kuti ya dizilo simamwa mafuta, imangonunkhiza. Yanga inali chidakwa. Ndikathira Lolemba, pofika Lachinayi kamuvi ka geji kagwa kale. Mphamvu ndiye zosayamba n'komwe. Sukulu yathu ili pamwamba pa chitunda chachitali, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaponda moto mpaka phazi kufika pansi, galimoto n'kumangobuula, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo. Tsiku lina munthu wa njinga anandipitirira, n'kundipatsa moni. Aphunzitsi anzanga anayamba kundifunsa kuti thumba la makala ndikugulitsa liti, poti uvuni ndikuyenda nawo.

Ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita nayo kwa a kompyuta. Anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Mukangowoloka nayo msewu uja, aliyense aona," anatero. "Mkamwini weniweni kuthawa a Khutu? Otsala aja nawonso athawa. Mwawatsekera garaja bambo anga."

Choncho Loweruka ndinakaiimika pansi pa denga la malata lija. Apongozi anatsegula boneti, anagunditsa sikuludiraiva yawo apa ndi apo, maso ali tsinzinu. Ndinayamba kufotokoza, dzanja lija n'kukwera.

"Mkati mulibe mlandu," anatero. "Kaya ikubanika, kaya ikumwa zoipa."

Anatulutsa fyuluta ya mpweya, yoti bii, n'kuimenyetsa pa benchi. Fumbi linatuluka loti munthu n'kudzalapo masamba. Anaikamo yatsopano, ndipo tinapita kukaiyesa pa chitunda cha kusukulu, ine pa chiwongolero, iwo pampando wa kutsogolo atatsinzina. Titafika pamene msewu umayamba kukwera ndinaponda moto, ndipo pansi pa boneti panatuluka kalikhweru kakang'ono koma kakuthwa, fwiii, kosadukiza mpaka nditachotsa phazi. Likhweru limeneli ndinkalimva kuyambira tsiku limene ndinagula galimotoyo. Ndinawayang'ana apongozi. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Ndinadziuza kuti basi, ndi mmene zimalirira za dizilo. Nanga ine ndani kuti ndifunse a Khutu ngati amva phokoso la injini?

Galimoto inakwera chimodzimodzi monga kale, mwaulesi, utsi uli m'mbuyo.

Loweruka lotsatira anamasula fyuluta ya dizilo, n'kukhuthulira za m'katimo m'botolo loyera. Madzi anakhala pansi, dizilo pamwamba. "Mwaona? Mukuimwetsa madzi." Anatsitsa thanki yonse, anaitsuka, anatulutsamo nsenga zofiira. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo. Lolemba m'mawa pa chitunda, galimoto yomwe ija, ulesi womwe uja.

Loweruka lachitatu anakweza galimoto pa jeke n'kumazunguza matayala limodzilimodzi ndi dzanja, kuona ngati mabuleki akugwira okha. La kumbuyo kumanzere linkakhula pang'ono, analimasula. Anayeza mpweya wa m'matayala, anayesa kilachi. Lachinayi lake anamasula chivavu china chimene chimabweza utsi mu injini, anachipeza chitatsekeka ndi mwaye, ndipo anakhala tsiku lonse akuchipala ndi chigwiriro cha supuni. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'choti nthawi iliyonse ankapezadi chinthu choipa. Galimoto yakale paliponse ungatsegule pali chonyansa choti ikuonetse, ndipo iwe umati eya, ndi chimenechi. Ukafika pa chitunda n'kupeza kuti wanamizidwanso.

Kenako anachotsa mainjekita, timilomo tija timapopera dizilo mu injini, n'kuwatumiza kukayezetsa. Galimoto inakhala pa garaja masiku asanu ndi anayi, boneti ili yasa, aliyense wodutsa mumsewu akuiona. Ine ndinabwerera ku minibasi, kupanikizana ndi ana anga a sukulu omwe, makope awo ali pamiyendo panga. Mainjekita anabwera ndi yankho loti alibe vuto lililonse.

Anthu anayamba kulankhula. Dalaivala wina wa lole, kasitomala wawo wa zaka zambiri, anaima pa garaja ine ndili pomwepo, n'kuloza galimoto yanga ndi mlomo. "Kodi wodwala uyu sanatulukebe m'chipatala?" Anaseka yekha. Sabata yotsatira lole yake ndinaiona itaima kutsidya kwa msewu. Apongozi nawonso anaiona. Anangolowa m'dzenje lawo n'kukhalamo nthawi yaitali popanda chomasula. Mkazi wanga anati akudya pang'ono masiku amenewo, ndipo ovololo yayamba kuwakhwepa.

Ine chisoni ndinali nacho, koma mkwiyo unkachiposa. Munthu sungakalipire apongozi, ndiye zonse zinkagwera mwana wawo. Tinakangana m'khitchini, tinakangana popita kutchalitchi. Ndinati ndinagula galimoto, osati ntchito yosangalatsa bambo ako. Iye anati ndikanagula njinga. Lachitatu lina ndikuchokera kusukulu, nditakwera chitunda m'mawa mwake ndi giya yoyamba mpaka mwana wina kundifunsa ngati ndikufuna andikankhe, ndinati zitha lero. Ndinakhota n'kuima pa geti la a kompyuta. Mmodzi wa iwo anatuluka akumwetulira, chingwe chake chili kale m'manja. Nditayang'ana pa galasi loonera kumbuyo ndinaona apongozi ataima pansi pa denga lawo, kansanza kali m'manja, akundiyang'ana. Ndinatukwana chamumtima, ndinaika livesi, n'kuwoloka msewu chambuyo. Ndinawauza kuti ndimangotembenuza. Iwo anagwedeza mutu ngati akhulupirira.

Lamlungu lotsatira masana, apongozi aakazi anapempha kuti ndiwaperekeze kukaona mng'ono wawo amene ankadwala, kupitirira sukulu yathu. Aka kanali koyamba kuti akwere galimotoyo. Ndi mayi a mawu aakulu, akamalankhula ndi amuna awo oyandikana nawo nyumba amamva zonse, ndipo ine ndinkangoti ndi chibadwa. A Khutu anati nawonso apita, akamvetserenso injini. Anavala malaya oyera ndi thalauza la kutchalitchi, anakhala kutsogolo, amayi kumbuyo.

Pa chitunda ndinaponda moto. Fwiii. Amayi anapirira mpaka pakati, kenako anandigwira paphewa.

"Aphunzitsi, likhweru limeneli simungalizimitse? Likundiboola mutu ine!"

A Khutu anatsegula maso n'kutembenukira kumbuyo.

"Mwati chiyani?"

"Likhweru! Galimotoyi ikuimba likhweru!"

"Likhweru lanji?"

Ine ndinapondabe moto, likhweru likulirabe.

"Imani," anatero a Khutu.

Ndinaima m'mbali mwa msewu n'kukoka handibuleki. Anatsegula boneti, koma sikuludiraiva yawo sanaigwire. Anapinda malaya oyera aja mpaka m'zigongono, anandiuza kuti ndiziponda moto mwamphamvu n'kumasiya, kenako anagona chagada pa miyala n'kulowetsa mkono kunsi. Ankatsatira ndi chikhatho paipi yonenepa ya labala imene imachokera ku tebo, chija chimakankhira mpweya wambiri mu injini. Ndinaponda kachiwiri, kachitatu. Kachinayi anakuwa kuti basi.

Anandiitana kuti ndigone pambali pawo, n'kutenga dzanja langa kuligwiritsa kunsi kwa paipiyo, kumbali yoyang'ana pansi kumene diso silifika. Panali mng'alu wotalika ngati chala, wonyowa ndi oyilo. Injini ikamalira yokha pa garaja unkatsekeka bwinobwino. Ukaponda moto pa chitunda unkayasama.

"Mpweya ukuthawira apa," anatero, mawu ali pansi. "Dizilo akulowa yense, mpweya woti umuotche palibe. Ndiye utsi uja. Mphamvu ikasowa inu mumaponda kwambiri, mukaponda kwambiri iyo imamwa kwambiri. Palibenso china."

Masabata asanu ndi limodzi. Mafyuluta, thanki, mabuleki, mwaye, mainjekita, minibasi, kukangana ndi mkazi wanga, zonsezo chifukwa cha kang'alu koti mwana akanakapeza ndi madzi a sopo. Ndinkafuna kukuwa, koma nditafufuza woti ndimukuwire ndinapeza kuti ndine ndemwe.

Anadula chidutswa cha chubu chakale chimene chinali m'buti, anakulunga paipiyo n'kuimanga ndi waya kuti itifikitse. Atatuluka kunsi kuja malaya anali atathera oyilo ndi dothi. Sanadzipukute. Anaima pafupi nane kwambiri, maso ali pa milomo yanga, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi zonse akamalankhula ndi munthu amayang'ana pamenepo.

"Layamba liti likhweru limeneli?"

"Kuyambira tsiku limene ndinaigula, bambo."

"Tsiku loyamba lija, ine ndili pampando apo?"

"Linkalira."

"Masiku onse amene takwera chitunda chino?"

"Onse."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkayesa mwalimva. Ndinkati ngati inu simukulidandaula, ndiye kuti ndi mmene imalirira."

Anayang'ana sikuludiraiva yawo ili pa mpando. Kugogoda kwa zitsulo kumadutsa m'fupa, n'chifukwa chake mkati mwa injini sanalakwitsepo. Koma mpweya wothawa sudutsa mu sikuludiraiva, umafuna khutu lenileni. Zimenezi iwo anazidziwa msanga kuposa ine, ndinazionera pankhope pawo.

Amayi anali atatsika, ataima pambali ndi kachikwama kawo. A Khutu anawatembenukira.

"Inunso mumadziwa?"

"Chaka chachitatu chino ndikulankhula nanu mokuwa," amayi anatero. "Mumayesa ndimakonda?"

"Osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani, bambo. Kangapo konse. Simunamve."

Galimoto zinkadutsa, ena akutiyang'ana. Apongozi anatseka boneti pang'onopang'ono, n'kuikanikiza ndi manja onse awiri. Kenako anatsegula chitseko cha kutsogolo, anauza amayi kuti akhale pamenepo, iwo n'kukalowa kumbuyo.

Ndinaliza injini. Nditaponda moto galimoto inanditsamiritsa kumpando, chinthu chimene inali isanachitepo. Giya yachiwiri, yachitatu, chitunda chikungotha, kumbuyo kopanda utsi. Ndinali nditalakalaka tsiku limeneli masabata onse aja, koma mtima unali wolemera moti sindinathe ngakhale kumwetulira.

Titatsala pang'ono kufika pamwamba, a Khutu anasendera kutsogolo n'kugwira mpando wanga.

"Aphunzitsi, lasiya?"

"Lasiya, bambo," ndinayankha maso ali pamsewu.

Anadikira pang'ono.

"Ndati, lasiya kodi?"

Ndinatembenuza mutu kuti aone milomo yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, ndinawakuwira apongozi anga.