Bwato la "play" lija likadandiphera amuna anga

Amalawi anzanga a muno mu Birmingham, makamaka inu amene mukunong'onezana kutchalitchi kuti amake Tadala anagulira amuna awo bokosi la maliro, khalani pansi mumve. Kugula ndinagula ndine, inde. Koma anasankha ndi kamnyamata ka ndolo m'khutu ka mu shopu ya zamasewera a pamadzi ija ili kufupi ndi ngalande.

Abambo a Tadala atamaliza PhD yawo ndinafuna kuwathokoza. Zaka zonsezi munthu anali wa mu laibulale basi, mimba n'kumangotuluka. Chakumapeto ndi pamene analowa kalabu ya kayaki, timabwato ta pulasitiki ta munthu mmodzi tija amatsetsereka nato m'mitsinje ya mathithi. Anali atangopalasako kangapo m'dziwe losambirira, madzi ofunda, opanda ndi chule yemwe. Koma kunyumba nkhani inali yomweyo, mpaka kunditengera mopu kuti andisonyeze kapalasidwe. Ndinati chabwino, ndiwagulire lawolawo.

Nditaweruka shifiti kuchipatala ku Edgbaston ndinakwera basi, yunifolomu ili m'thupi. Ndinamuuza mnyamatayo momveka bwino, m'Chingerezi chomwechi odwala anga amamva tsiku ndi tsiku, kuti amuna anga angoyamba kumene kuphunzira, ndi ojintcha, ndipo mapazi awo si amasewera. Iye n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Nditangoti Malawi, nkhope yonse mwee. Akuti mnzake anapitako, akuti anthu a kumeneko amabadwira m'bwato. Ndinamuuza kuti amuna anga kwawo ndi ku Dedza, kumapiri, madzi aakulu amene anakula akuwaona ndi a mu diramu. Anaseka. Akuti zimenezi zimakhala m'magazi.

Ndiye anandikokera pa kabwato kofiira, kakafupi, kophwatalala kumbuyo. Akuti dzina lake ndi playboat. Ndinamufunsa ngati "play" ameneyu akutanthauza kuti ndi losewerera anthu ongoyamba. Anandiyang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Eya, adzasangalala nalo kwambiri." Ndinafunsanso ngati munthu wamkulu angakwanemo. Akuti limayenera kuthina ngati nsapato yatsopano, kenako limamasuka lokha. Pulasitiki imamasuka? Kuyambira liti? Koma ine nesi, za mabwato ndizidziwira kuti? Kwathu chinthu chosewerera ndi cha ana. Ndinalipira.

Loweruka kalabu inapita ku mtsinje wa Severn, kufupi ndi Ironbridge. Ine ndi mwana wathu Tadala tinatsagana nawo kuti tikaonerere. Mtsogoleri wa kalabuyo, mayi wina wa imvi, ataliona bwatolo anafunsa kuti mwini wake ndani. Atamva, anagwira pakamwa. Anatifotokozera kuti playboat ndi ya akatswiri amene amachita dala kugudubuzika m'mafunde, ndipo kumbuyo anakuphwatalalitsa mwadala kuti madzi azikugwira. Anawapempha abambo a Tadala kuti akwere bwato la kalabu, lalitali, lotakasuka. Iwo anacheuka, kundiyang'ana ine, n'kunena kuti iyi ndi mphatso ya akazi awo, akwera lomweli. Anavula nsapato kuti akwanemo. Anyamata awiri anachita kuwakankhira mkati.

Sanapite patali. Funde loyamba linagwira kumbuyo kuja, bwato linaima chilili, kenako gubudu. Ndinangoona mimba yofiira ya bwatolo ikuyandama. Ndinadikira kuti mutu utuluke. Mutu osatuluka. Miyendo inali itakanirira mkati. Tadala ankandikoka juzi n'kumandifunsa m'Chingerezi chake kuti bwanji adadi sakutuluka. Mayi wa imvi uja ndi amene anawafikira n'kulitembenuza. Anawatulutsa akusanza madzi, phewa litaguluka, mawondo atasupuka. Ine amene ndimalimbitsa mtima ana a eni pa wodi ndinagwada m'matope n'kulira ngati mwana.

Lolemba ndinabwerera nalo bwatolo ku shopu. Manijala analitembenuza, n'kuyamba kuyendetsa chala pa zokandika za miyala, pang'onopang'ono, ngati akupima wodwala. Akuti katundu wogwiritsidwa kale ntchito sabwezedwa. Ndinamuuza kuti zokandikazo zinabwera pamene mutu wa amuna anga unali pansi pa madzi. Akuti pepani, koma aliyense amadziwa kuti playboat n'chiyani, ndikadafunsa. Ndikadafunsa! Ndinaloza kamnyamata kaja kuti kanene ngati sindinafunse. Kanakanda ndolo yake n'kunena kuti sikakundikumbukira. Akazi akuda a yunifolomu ya unesi ogula kayaki amabwera angati mu shopu imeneyi, kuti mpaka asokonezeke? Ndiye manijala, pofuna kusonyeza chifundo, akuti anditsitsirako mtengo wa chipewa choteteza mutu. Ndinatsala pang'ono kumuveka bwatolo.

Ndalamazo adye, zisandivute. Chimene chikundiwawa ndi china. Alamu anga a ku Wolverhampton anaimba kale foni kumudzi, ndipo apongozi akufunsa ngati ndapeza mwamuna wina kuno ku Mangalande. Zimenezo ndikadapirira. Koma dzulo, ndikuwathandiza abambo a Tadala kuvala shati chifukwa mkono uli m'nsalu, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amake Tadala, mundiuze zoona. Mnyamatayo anakuuzani kuti ndi la akatswiri, inu n'kugulabe?"

Munthu amene ndinasiya makolo anga n'kumutsatira kudziko lozizira lino, lero akundifunsa zimenezi.

Choncho a manijala, ngati wina angakumasulireni izi, mumve. Sindikufuna chipewa. Ndikufuna mnyamata wanuyo abwere kunyumba kwathu ku Sparkhill, aime pamaso pa amuna anga, abwereze zimene ndinamufunsa ndi zimene anandiyankha. Mpaka atatero, muzindiona pakhomo pa shopu yanu ndikamaweruka, ndikuuza aliyense wolowa kuti muno amagulitsa bwato poyang'ana khungu la munthu. Ndipo inu anzanga, wogulitsa akakufunsani kwanu asanakufunseni zimene mumatha, tulukani.

Chifukwa funso lija amuna anga ndinawayankha kuti ayi, mnyamatayo sanandiuze. Anangoti chabwino. Koma anachotsa dzanja langa, mabatani otsalawo n'kumanga okha ndi dzanja limodzi.