Lamulungu la Amayi

Tinali ndi chitini cha mabisiketi chochita dzimbiri m'mphepete, momwe tinkasungamo makadi a mng'ono wanga. Anatipatsa ndi aphunzitsi akukireshi, sukulu ya mkaka ya ku Nellmapius, kudziko lachilendo komwe tinkakhala, atadandaula kuti mwanayo sankatha kutchula r koyambirira kwa mawu a Chingerezi. Pakhadi lililonse panali chithunzi: mvula, duwa, mphete. Ine, mtsikana wa zaka khumi wodzimva kuti Chingerezi ndinayamwira, ndinapatsidwa ntchito yomuphunzitsa.

Inali nyengo yozizira. Tikaweruka tinkakhala pakhomo pa chipinda chathu cha lendi kuwothera dzuwa, utsi wa malasha ukutikanda kukhosi. Ndinkakweza khadi n'kunena kuti "rain." Iye ankati "leini," timilomo titang'ambika ndi chisanu. Ndinkamuonetsa popinda lilime, n'kumuuza kuti alire ngati injini ya tekisi, mpaka malovu kudontha pajuzi.

Amayi ankagwira ntchito yapakhomo ku Laudium, kugona komweko, ife n'kumatisiya ndi amalume. Ankabwera Lamulungu lokha. Akamachapa pambali pathu ankatsatira chapansipansi, "leini, lozi, ling'i," mng'ono wanga n'kumafa nacho chiseko, akuwatsanzira. Tsiku lina ana a eni nyumba anaima pampanda kumvetsera, ndipo mmodzi anaseka. Nkhope inanditentha.

"Eish, Amayi, khalani chete! Mukumuwononga ndinu mwanayu."

Sanandikalipire, ngakhale mbama inali yondiyenera. Anafinya siketi imene inali m'manja mwawo n'kuiyanika. "Chabwino, aphunzitsi," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kumuyimbira mng'ono wanga pomusambitsa, anasiyanso kumusereula. Akafuna kumuuza kanthu ankadzera mwa ine: "Umuuze avale juzi." Mwanayo ankawakoka chitenje kuti acheze, iwo n'kungomusisita kumutu. Pamene kunkayamba kufunda, r uja anali akumugubuduza bwinobwino. Aphunzitsi anamumata nyenyezi pachipumi, ine n'kumayenda monyang'wa ngati nyenyeziyo ndi yanga. Mpaka lero ndikakumbukira kayendedwe kameneko ndimachita manyazi.

Ndinkaona ngati amayi avomereza kuti ndinanena zoona. Sindinkadziwa kuti masiku asanu ndi limodzi pamlungu ankakhala m'nyumba ya mabwana awo, opanda woyankhula naye Chichewa, akudikira tsiku limodzi loti amasuke pakamwa ndi ana awo. Tsiku limenelo ndi limene ndinawalanda.